Ndinapita Kukaona za ku Asia, Ndinakaona Amayi Anga

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli ku Ndirande, kaya ku Area 25, kaya ku Joni mukudikira basi, kaya muli kuno ku London ngati ine. Ndikujambula mawuwa m'chipinda changa usiku, ndipo mukamva kaphokoso ndi mvula imene ikugunda pawindo. Nkhani ya lero yakhala ikundizungulira m'mutu kwa milungu iwiri. Ndimafuna kuisunga ndekha, koma mtima wakana.

Amene mwakhala nane kuyambira kale mukuidziwa ntchito yanga. Ndimasamalira okalamba kumpoto kwa London, maola 12 patsiku, nthawi zina usiku wonse. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Anzanga a pantchito ambiri ndi obwera ngati ine: a ku Philippines, a ku Zimbabwe, a ku Nigeria, ndi ambiri a ku Kerala, kumwera kwa India. Mmodzi wa a ku Kerala ndi wamkulu kwa ine, ndipo anandiphunzitsa kuti kwawo mkazi wamkulu kwa iwe umamutchula kuti chechi, monga ife timanenera kuti achemwali. Kuyambira pamenepo ndimangowaitana kuti a chechi.

Mwana wamkazi wa a chechi amaphunzira ku SOAS, yunivesite ya kuno imene imaphunzitsa za ku Asia, Africa ndi Middle East. Ophunzira a kumeneko ali ndi timagulu tawo, ndipo nthawi ndi nthawi amakonza zochitika zoonetsa zinenero, zojambula, zakudya ndi makanema a kwawo. A chechi anandiuza kuti tipite limodzi, polowa n'paulere. Ndinayamba ndakana. Tsiku lopuma ndi lochapa zovala ndi kugona, komanso ndinkaona ngati zimenezo n'za anthu a madigiri. Anandikakamiza mpaka ndinavala jekete.

Ndinene chilungamo, Asia amene ndinkamudziwa anali wochepa kwambiri. Makanema a kung fu amene tinkaonera mu vidiyo sho tili ana, titapanikizana pabenchi. Makanema a Chimwenye ovina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Masitolo a ku Limbe ndi samusa. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe imene inamangidwa ndi thandizo la China. Ndiponso mphunzitsi wina wa masamu wochokera ku Japan amene anatiphunzitsa ku sekondale, mmodzi wa anthu odzipereka amene dziko limenelo lakhala likutumiza ku Malawi kuyambira 1971. Kupatula zimenezi, anthu onse a kumeneko ndinkangowaika m'madengu awiri, achaina ndi amwenye, basi.

Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka ya Piccadilly n'kutsikira pa Russell Square. Sukuluyi inayamba mu 1916, ndipo poyamba ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa a Britain zinenero ndi miyambo ya mayiko amene ankawalamulira. Lero ukafika pabwalo pake umamva zinenero zosawerengeka, ana a mayiko omwewo akuphunzira za kwawo m'njira yawo. Panja pali chiboliboli cha munthu atakhala pansi, wandevu. A chechi anaima n'kundiuza kuti ameneyu ndi Thiruvalluvar, mlakatuli wakale wa Chitamil, amene analemba buku la timavesi 1,330, kalikonse ka mizere iwiri yokha. Iwo chinenero chawo ndi Chimalayalam, osati Chitamil, koma anaima pamenepo ngati akumana ndi wachibale pamsika.

Tisanalowe kuzochitikazo, mwana wawo anatikweza pamwamba pa nyumba imene ambiri amaidziwa kuti Brunei Gallery, imene inatsegulidwa mu 1995. Padenga pake pali kamunda ka Chijapani. Musaganize za munda wa maluwa ambiri, ayi. Ndi timiyala tosalazidwa bwino m'mizere, miyala ikuluikulu ingapo, ndi beseni lamwala losungira madzi. Pabesenipo anazokotapo chilembo chimodzi, ndipo tanthauzo lake ndi kukhululuka. Pansi magalimoto akudutsa, koma pamwambapo pali zii. Ndinakumbukira mmene timasesera pabwalo m'mawa kwathu, tsache likusiya mizere padothi.

Tsopano za zinenero. Munali matebulo, aliyense akuphunzitsa pang'ono chabe, kungolawitsa. Patebulo la Chimandarini mtsikana wina ankafotokoza kuti liwu limodzi, ma, limasintha tanthauzo malinga ndi mmene wakwezera kapena kutsitsa mawu. Ukalinena mokweza mosasintha ndi amayi. Ukalikweza kumapeto ndi chomera chopangira zingwe. Ukalitsitsa n'kulikwezanso ndi hatchi. Ukaligwetsa mwamphamvu ndi kukalipa. Azungu amene ndinakhala nawo anavutika kwambiri, koma ine khutu linagwira msanga. Mtsikanayo anadabwa, ndiye ndinamuuza kuti ifenso tili nazo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pagolosale timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa zimasiyana. Khungu la pathupi ndi khungu la maso, chimodzimodzinso. Anandipempha kuti ndibwereze katatu, n'kuyesa yekha. Abale anga, zaka zonsezi ndili kuno, palibe amene anandipemphapo kuti ndimuphunzitse liwu la Chichewa. Ndinamva kutentha m'chifuwa.

Patebulo la Chikoreya ndinaphunzira kulemba dzina langa. Zilembo zawo zimatchedwa Hangul, ndipo anazikonza ndi Mfumu Sejong mu 1443, n'kuzilengeza kwa anthu mu 1446. Chimene chinamuchititsa n'choti anthu wamba sankatha kulemba ndi zilembo za Chitchaina, zimene zimafuna zaka zambiri kuti uzidziwe. Zilembo zake zazikulu zilipo 24 zokha, ndipo zina anazijambula motengera mmene kamwa ndi lilime zimakhalira potchula. Chilembo cha m ndi kabokosi, ngati milomo. Ku South Korea ali ndi tsiku lokumbukira zilembozi, pa 9 Okutobala chaka chilichonse. Ndinawauza kuti ifenso kwathu a Nolence Mwangwego anakonza zilembo za zinenero za ku Malawi n'kuzikhazikitsa mu 1997. Anandifunsa ngati ndingalembe dzina langa ndi zilembozo. Sindinathe, ndipo zinandiwawa.

Zakudya ndidutsapo msanga. Tinadya timikate ta mpunga totsabola ta ku Korea, ndi timitanda ta ufa wa tirigu toika nyama mkati. Panalinso wina wolemba ndi burashi ndi inki yakuda, dzanja lake likuyenda pang'onopang'ono ngati akuumba mbiya.

Chimene ndakuitanirani lero ndi kanema wa madzulo.

Anaonetsa Tokyo Story, kanema wa ku Japan wa mu 1953, wopangidwa ndi Yasujiro Ozu. Ndi wopanda mitundu, wakuda ndi woyera, wopitirira maola awiri. Wophunzira amene anatsegulira anati mu 2012 akatswiri opanga makanema atafunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound, anasankha ameneyu kuti ndi woposa onse. Ine ndinkayembekezera malupanga. Mulibe lupanga, mulibe mfuti, mulibe ngakhale wokweza mawu kwambiri. Kamera amaiika pansi, pamsinkhu wa munthu amene wakhala pamphasa, ndipo siiyendayenda. Umangomva ngati nawenso wakhala pamphasapo.

Nkhani yake ndi iyi. Agogo awiri, mwamuna ndi mkazi wake, achoka kwawo ku Onomichi, katauni ka m'mbali mwa nyanja, ulendo wautali pasitima kukaona ana awo ku Tokyo. Mwana wamwamuna ndi dokotala, wamkazi ali ndi saluni. Anawo si oipa. Awalandira, awaphikira, koma nthawi alibe. Dokotala wakonza zoti awayendetse m'tauni, wodwala wabwera, ulendo wathera pomwepo. Kenako anawo asonkherana ndalama n'kuwatumiza kumalo opumulirako ku Atami, poganiza kuti awachitira zabwino. Kumeneko achinyamata akusokosa usiku wonse, agogowo tulo osapeza. Amene akuwapatsa nthawi ndi mpongozi wawo Noriko, mkazi wamasiye wa mwana wawo amene sanabwereko kunkhondo. Iyeyu ndi wosauka kuposa onse, amakhala m'kachipinda kamodzi, koma apempha tsiku kuntchito n'kuwayendetsa. Agogowo atabwerera kwawo, mayi aja amwalira. Maliro atangotha, ana aja athamangira sitima, ntchito ikudikira.

Pamene agogo awiri aja anakhala pakhoma m'mbali mwa nyanja ku Atami, akuuzana kuti bola tizipita kwathu, ine ndinasiya kuwerenga mawu a Chingerezi a pansi pa kanema. Ndinali ku Ndirande.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito mu Blantyre. Amayi anachoka ku Ntcheu, kwathu kufupi ndi Tsangano, kubwera kudzandiona. Anafika ndi thumba la mbatatesi, ufa woyera m'chidebe, ndi nkhuku yamoyo atayimanga miyendo ndi kansalu. Ndinasangalala, ndinawaphikira. Koma m'mawa mwake ndinanyamuka 6 koloko, kubwerako mdima utagwa. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkawapeza atakhala pakhonde pamkeka, atasesa pabwalo ponse, atatsuka ngakhale mapoto amene anali oyera kale. Sankadziwa aliyense m'dera limenelo. Tsiku lachitatu anandiuza kuti, “Mwana wanga, ndizipita, mbuzi zilibe woziyang'ana.” Ndinawaperekeza pa Wenela, ndinawalipirira minibasi, ndinawapatira ndalama m'manja. Ndinabwerera kuntchito ndikudziona kuti ndine mwana wabwino. Kumudzi kunali mlongo wanga, mbuzi zinali ndi woziyang'ana. Zimenezi ndazizindikira zaka zonsezi zitadutsa, nditakhala muholo ya ku London, pakati pa anthu osawadziwa.

Magetsi atayaka, anthu anakhala kaye chete. Kenako anayamba kulankhula. Mnyamata wina wa ku China anati iye analeredwa ndi agogo ake kumudzi, makolo ake akugwira ntchito m'mafakitale kutali, akubwera kamodzi pachaka nthawi ya chikondwerero cha chaka chatsopano. Mtsikana wa ku Korea anati sanawaone agogo ake zaka zitatu. A chechi sanayankhule, anangondigwira dzanja. Amayi awo ali ku Kerala, ndipo iwonso usiku uliwonse amatembenuza amayi a anthu ena.

Apa m'pamene pamandipweteka kwambiri. Kuntchito ndimawadziwa okalamba anga mpaka m'kati. Ndikudziwa amene amafuna tiyi wopanda shuga, amene amaopa mdima, amene amafuna umugwire dzanja mpaka agone. Lamlungu ena amavala bwino n'kukhala pafupi ndi windo kudikira ana awo. Mumtima ndakhala ndikuwaweruza ana amenewo, ndikumati ife kwathu sititaya makolo chonchi. Koma ine amayi anga amamwa mankhwala anji a BP, sindinkadziwa. Ndinkadziwa mtengo wake wokha, chifukwa ndi ine ndimatumiza ndalama. Mafoni athu anali atasanduka a mphindi zitatu. Mwalandira? Feteleza mwagula? Chabwino, ndili pantchito. Ndalamayo ndi yofunika, ndisanamize munthu. Popanda iyo denga la malata silikanakhalapo, ana a mlongo wanga sakanapita kusukulu. Ana a mu kanema uja nawonso sankanama kuti ali ndi ntchito. N'chifukwa chake kanemayo amalasa, sakupatsa munthu woipa woti umuloze chala.

Pobwerera m'sitima sitinayankhulane kwambiri. Ndinafika m'nyumba cha m'ma 11 usiku, kwathu inali 1 koloko, poti nyengo yozizira ino timasiyana maola awiri. Ndinadikira kuti kuche.

M'mawa ndinaimba. Ndinati, “Amayi, mwadzuka bwanji?” Anayankha, kenako anakhala chete kudikira kuti ndinene za ndalama. Nditangopitiriza kufunsa za kumunda, anandidula. “Kodi iwe, wadwala?” Ndinati ayi, ndangofuna kumva mawu anu. Anaseka, kenako anamasuka. Anandiuza kuti chimanga cha kumunda wa kumtunda chamasula ngayaye, koma cha kudambo madzi achuluka. Anandiuza za mwana wa mbuzi amene anabadwa ndi banga loyera pamphumi, za kwaya ya amayi a Mvano, za bondo lawo limene limawawa kukazizira. Za bondolo sindinkadziwa, ndipo akuti layamba chaka chatha. Ndinawafunsa dzina la mankhwala awo, anapita kukatenga kapaketi n'kundiwerengera chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba kuseri kwa pepala lomwe lija ndinalembapo dzina langa m'Chikoreya.

Tinacheza mphindi 50. Pomaliza ndinawafunsa za ulendo uja wa ku Ndirande, ngati amaukumbukira. Anati amaukumbukira. Ndinati, “Amayi, mundikhululukire, ndinakusiyani nokha masiku onse aja.” Anakhala chete pang'ono, ndikumva tambala akulira kumbuyo kwawo. Kenako anati, “Unkagwira ntchito, mwana wanga. Koma nkhuku ija unaidya?” Ndinati ndinaidya. Anati, “Basi.”

Ndapempha tchuthi cha milungu itatu mu Ogasiti, ndipo yankho ndikuyembekezera sabata yamawa. A chechi akuti mwana wawo wawauza kuti ophunzira aja akukonza zoonetsanso kanema wina, ulendo uno wa ku India. Tagwirizana kuti tisinthane mashifiti ndi anzathu kuti tikapezekeko tonse awiri. Zikomo pomvetsera, tikumananso mlungu wamawa. Mugone bwino.