Mowa wa dima, mowa wa bona ndi mowa wogula

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ndiyambe ndi achikulire muli kutsogoloku: kale munthu akadzuka ndi ludzu la mowa, ankaupeza kuti? Mwamva, agogo akuti sankaupeza. Masese ankadya masiku. Uviike mawere kapena chimanga, udikire chimere, uyanike chimeracho, usinje, uphike phala, kenaka ulisiye m'mbiya lisase. Pofika tsiku lomwa, mudzi wonse unkakhala utadziwa kale chimene mowawo waphikidwira.

Munda ukakukulira, unkafulula mowa wa dima. Anzako ankabwera ndi makasu, kulima kaye, kumwa pambuyo. Pa bona, pokumbukira malemu, mowa woyamba unkathiridwa pansi kuti mizimu ilandire, Gule n'kutuluka. Chipanda chinali chimodzi, chikuzungulira, ndipo wophika ankayamba walawa pamaso pa onse, amati kuchotsa ufiti. Mnyamata sankachilandira akulu asanamwe. Ana ankamwa thobwa basi.

Kachasu ndi mlendo, ngakhale anakhazikika. Dzinalo likuchokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça. Chibuku chinayambira ku Zambia, kumigodi ya kopa, komwe anthu ankalandira malipiro pa mwezi koma analibe nkhokwe kapena mbiya. Ndiye mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Kuyambira apo mowa sunkadikiranso chimera, unkadikira ndalama m'thumba.

Za masacheti sindichulukitsa, munaziona nokha. Mowa waukali wolowa m'thumba la yunifolomu, mwana akupita nawo kusukulu, mpaka boma linauletsa. Lamulo limati wosakwana zaka 18 asagulitsidwe mowa, koma pagolosale ndani amafunsa zaka?

Amayi otcheza kachasu, ndikuona mwayamba kuyang'ana pansi. Ayi, sindinabwere kudzakuzengani mlandu. Ana ambiri m'mudzi muno, aphunzitsi ena ndithu, fizi yawo inatuluka mumpope wotchezera kachasuwo. Changa n'chakuti pa dima panali maso a akulu, woledzera ankaperekezedwa kwawo, pomwe lero wogula amamwa yekha mmamawa, khasu lili pakhonde.

Ndiye amayi inu mwakweza dzanja kumbuyoko, tatiuzani: makasitomala anu oyamba amagogoda nthawi yanji?