Mmene Mobutu Sese Seko Anagwera, ndi Mayiko Amene Anamugwetsa

Moni kwa inu nonse amene mukuonera vidiyo ino. Pa 17 Meyi 1997, anthu a mumzinda wa Kinshasa, likulu la dziko la Congo limene nthawiyo linkatchedwa Zaire, anaona mizere ya asilikali ikulowa mumzindawo wapansi, ambiri mwa iwo ali anyamata aang'ono ovala jombo za mphira, amene anali atayenda mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuchokera kum'mawa kwa dzikolo. Dzulo lake, Mobutu Sese Seko, amene analamulira dzikolo kwa zaka pafupifupi 32, anali atathawa pa ndege. Nkhondo imene inamuchotsa inatenga miyezi isanu ndi iwiri yokha. Tifotokoza chifukwa chake ulamuliro wautali chotero unagwa msanga motero, ndiponso amene anali kumenya nkhondoyo kwenikweni, chifukwa yankho la funso lachiwirili ndi limene likutithandiza kumvetsa nkhondo za kum'mawa kwa Congo mpaka lero.

Mobutu anakula m'manja mwa mayiko akunja. Dziko la Congo litalandira ufulu kuchokera kwa Belgium pa 30 Juni 1960, iye anali mkulu wa asilikali wachinyamata, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anatengapo mbali yaikulu pochotsa nduna yaikulu Patrice Lumumba, amene anaphedwa ku Katanga pa 17 Januwale 1961. Pa 24 Novembala 1965 Mobutu analanda boma lonse. Mayiko a America, Belgium ndi France anamuona ngati mnzawo wodalirika pa mkangano wawo ndi Soviet Union, ndipo anamupatsa ndalama, zida ndi chitetezo. Umboni woonekeratu ndi zimene zinachitika m'chigawo cha migodi cha Shaba, chimene ndi Katanga yemweyo wochita malire ndi Zambia. Mu 1977 oukira boma a ku Katanga ochokera ku Angola atalowa m'chigawocho, asilikali a Morocco, amene ananyamulidwa ndi ndege za France, ndi amene anapulumutsa Mobutu. Mu 1978 oukirawo atabweranso n'kulanda tawuni ya Kolwezi, asilikali a France ndi Belgium anafika kudzawathamangitsa, ndipo America inathandiza ndi ndege zonyamula katundu. Kawiri konseko gulu lankhondo la Mobutu linalephera palokha.

Kufooka kwa asilikaliwo kunali kochita kufuna. Munthu amene walanda boma ndi mfuti amaopa kwambiri anzake a mfuti, choncho Mobutu anagawa asilikali m'magulu opikisana, n'kukondera gulu lapadera lomulondera, limene ambiri mwa anthu ake anali a kwawo ku chigawo cha Équateur. Asilikali wamba ankakhala miyezi osalandira malipiro ndipo ankadya poika zotchinga m'misewu n'kumalanda anthu, pamene akuluakulu awo ankagulitsa mafuta, zida ndi zipangizo za ndege. Chuma cha dziko chinayendanso njira yomweyo. Mu 1971 Mobutu anasintha dzina la dziko kukhala Zaire, mu 1973 analanda mabizinesi a alendo n'kuwagawira anthu omuzungulira, ndipo ambiri mwa mabizinesiwo anagwa pasanapite nthawi. Kwawo ku Gbadolite anamanga nyumba zachifumu ndi bwalo la ndege limene inkaterapo ndege yothamanga kwambiri ya Concorde, pamene misewu yopita kumidzi inali kumera tchire. Kampani ya boma ya migodi, Gécamines, imene m'zaka za m'ma 1980 inkatulutsa matani a kopa opitirira 400,000 pa chaka, pofika mu 1994 inkatulutsa osakwana 50,000. Boma la Zaire linali ngati nkhokwe imene chiswe chadya mizati yake: poiona patali inali chiimire, koma inkangodikira womukankha.

Mkangano wa America ndi Soviet Union utatha, Mobutu anasiya kukhala wofunika kwa amene ankamuteteza. Pa 24 Epulo 1990 analengeza kuti ulamuliro wa chipani chimodzi watha, koma mwezi wotsatira asilikali ake anaukira ophunzira a pa yunivesite ya Lubumbashi, ndipo Belgium inadula thandizo. Mu Sepitembala 1991 asilikali osalipidwa anafunkha masitolo a mu Kinshasa, ndipo mu Januwale 1993 anachitanso chimodzimodzi amalonda atakana ndalama yatsopano ya mazaire 5 miliyoni imene asilikaliwo analipidwa. Pa chipolowe chachiwirichi kazembe wa France anaphedwa.

Pali mbali ina ya zaka zimenezi imene imaiwalika kawirikawiri, ndipo ife tikuiona kuti ndi yofunika kwambiri. Anthu a ku Zaire sanangokhala chete kudikira mpulumutsi. Mu 1991 ndi 1992 kunachitika msonkhano waukulu wa dziko lonse, umene unasonkhanitsa zipani, mipingo ndi mabungwe, motsogozedwa ndi bishopu wa Katolika Laurent Monsengwo, ndipo unasankha Étienne Tshisekedi, mtsogoleri wa otsutsa boma, kukhala nduna yaikulu. Pa 16 Febuluwale 1992 Akhristu a mu Kinshasa anachita zionetsero zamtendere pofuna kuti msonkhanowo, umene boma linauimitsa, utsegulidwenso, ndipo asilikali anawawombera. Mobutu anasokoneza ntchito yonseyo pogula atsogoleri ena ndi kugawanitsa otsutsa. Njira yochotsa wolamulira wankhanza popanda nkhondo inalipo, anthu anaifera, koma inatsekedwa.

Chimene chinasintha zinthu chinachokera ku dziko laling'ono loyandikana nalo. Kuyambira mu Epulo mpaka Julayi 1994, ku Rwanda kunaphedwa anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, pa chiwembu chofuna kufafaniza mtundu wonse. Gulu la RPF la Paul Kagame, la oukira boma amene ambiri anali Atutsi, litalanda Kigali, Ahutu opitirira miliyoni imodzi anathawira ku Zaire n'kukhala m'misasa pafupi ndi Goma, Bukavu ndi Uvira. Ambiri anali anthu wamba, amayi ndi ana, koma pakati pawo panali asilikali a boma lakale ndi zigawenga za Interahamwe zimene zinapha Atutsi aja, ndipo zinalowa ndi zida zawo, zinayamba kulamulira misasayo ndi chakudya cha thandizo, ndipo zinkawoloka malire kukaukira Rwanda. Mobutu anawalekerera, chifukwa vuto la othawa kwawo linachititsa kuti mayiko a azungu, makamaka France, ayambenso kulankhula naye. Boma latsopano la Rwanda linachenjeza kuti ngati mayiko sachotsa zida m'misasayo, lidzachita lokha.

Mpata unapezeka pa nkhani ya Abanyamulenge, Atutsi amene akhala m'chigawo cha South Kivu, kum'mawa kwa dzikolo, kwa mibadwo yambiri koma andale a ku Zaire ankawakanira unzika. Kumayambiriro kwa Okutobala 1996, wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chigawocho anawapatsa sabata imodzi kuti achoke. Pa 18 Okutobala magulu anayi ang'onoang'ono anapanga mgwirizano wofuna kuchotsa Mobutu wotchedwa AFDL, ndipo wowalankhulira anali Laurent-Désiré Kabila, munthu wa ku Katanga amene anamenyapo nkhondo m'zaka za m'ma 1960, pa nthawi imene Che Guevara, womenya nkhondo wochokera ku Cuba, anafika m'mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, koma amene kwa zaka zambiri anali atangoiwalika. Kabila analibe gulu lankhondo loti n'kulanda dziko. Rwanda ndi imene inapereka asilikali ophunzitsidwa ndi akuluakulu okonza nkhondo, motsogozedwa ndi James Kabarebe, ndipo AFDL inapatsa nkhondoyo nkhope ya Chikongo. Kagame mwiniwake anavomera zimenezi mu Julayi 1997 polankhula ndi nyuzipepala ya Washington Post.

Tayang'anani pa mapu mmene mizinda inagwera. Uvira ndi Bukavu zinalandidwa kumapeto kwa Okutobala, Goma kumayambiriro kwa Novembala. Pakati pa Novembala msasa waukulu wa othawa kwawo wa Mugunga, pafupi ndi Goma, unaphwasulidwa, ndipo anthu pafupifupi theka la miliyoni anabwerera ku Rwanda wapansi m'masiku ochepa. Bungwe la United Nations linali litangovomereza gulu lankhondo lotsogozedwa ndi Canada kuti likateteze othawa kwawo, koma anthu ambiri atabwerera, mayiko anati vuto latha, ndipo gululo linathetsedwa lisanagwire ntchito yake.

Mayiko ena analowa aliyense ndi chifukwa chake. Uganda inkafuna kuthana ndi zigawenga zimene zinkaiukira kuchokera m'malire a Zaire. Angola inali ndi mangawa akale, chifukwa kwa zaka zambiri Mobutu analola kuti dziko lake likhale njira ya zida zopita kwa Jonas Savimbi ndi gulu lake la UNITA lolimbana ndi boma la Angola, choncho kumayambiriro kwa 1997 inatumiza asilikali pamodzi ndi ana a anthu a ku Katanga aja amene anaukira Shaba. Burundi nayo inali kumbali yomweyo. Mobutu, amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ku Switzerland mu Ogasiti 1996 ndipo anabwerera kwawo mu Disembala akudwala, anadalira asilikali aganyu ochepa, ambiri a ku Serbia, otsalira a gulu lankhondo lakale la Rwanda, ndi UNITA. Asilikali ake ankathawa adani asanafike, akufunkha midzi ndi kugwirira amayi m'njira, ndipo n'chifukwa chake anthu a m'mizinda yambiri analandira AFDL ndi nthungululu. Kisangani inagwa pa 15 Malichi 1997, Mbuji-Mayi wa dayamondi kumayambiriro kwa Epulo, Lubumbashi pa 9 Epulo. Nkhondo isanathe n'komwe, makampani a migodi anayamba kufika kwa Kabila, ndipo American Mineral Fields inasaina naye mgwirizano wa ndalama pafupifupi madola biliyoni imodzi.

Kumbuyo kwa chipambano chofulumirachi kunali imfa zimene dziko lapansi silinafune kuziona. Ahutu masauzande ambirimbiri amene sanabwerere ku Rwanda anathawira kumadzulo m'nkhalango, ndipo anatsatidwa. Ku Tingi-Tingi, m'misasa ya kum'mwera kwa Kisangani, ndi ku Mbandaka mu Meyi 1997, anthu opanda zida, kuphatikizapo ana, okalamba ndi odwala, anaphedwa. Boma la Kabila linatsekereza ofufuza a United Nations, ndipo lipoti lalikulu la bungweli lofotokoza milandu 617 ya pakati pa 1993 ndi 2003 linatuluka mu Okutobala 2010. Boma la Rwanda linalikana mwamphamvu. Kunena zimenezi sikuchepetsa kuopsa kwa zimene zinachitikira Atutsi mu 1994, ndiponso sikuiwala kuti pakati pa othawawo panali akupha enieni. Koma mwana wobadwira mumsasa analibe mlandu, ndipo palibe khoti lapadera limene linakhazikitsidwa kuti liweruze milandu ya m'lipotilo.

Kumapeto kwa Epulo, America inatumiza kazembe wake Bill Richardson kukauza Mobutu kuti nthawi yake yatha. Pa 4 Meyi, Nelson Mandela anakumanitsa Mobutu ndi Kabila m'sitima ya nkhondo ya South Africa yotchedwa Outeniqua, pafupi ndi doko la Pointe-Noire, koma Kabila, amene ankaona kuti akupambana, sanafune china koma kuti mnzakeyo atule pansi udindo, ndipo pa msonkhano wachiwiri sanapite. Nkhondo yoopsa yomaliza inachitikira ku Kenge, kum'mawa kwa Kinshasa. Mkulu wa asilikali, General Mahele, anaona kuti kumenyera mumzinda wa anthu mamiliyoni kukhetsa magazi pachabe, ndipo analumikizana ndi AFDL kuti mzindawo uperekedwe mwamtendere. Usiku wa pa 16 Meyi asilikali olondera pulezidenti anamupha pomutcha wopandukira, koma Kinshasa inapulumuka ku nkhondo ya m'misewu. Mobutu anathawira ku Gbadolite, kenako ku Togo, ndipo anamwalira ku Rabat, m'dziko la Morocco, pa 7 Sepitembala 1997.

Kabila anadzilengeza pulezidenti ali ku Lubumbashi, anabwezera dzina la Democratic Republic of Congo, analetsa zochita za zipani za ndale, ndipo Tshisekedi, amene analimbana ndi Mobutu kwa zaka zambiri popanda mfuti, anamukankhira pambali, kenako mu 1998 n'kumuthamangitsira kumudzi kwawo. Mkulu wa gulu lankhondo la Congo anakhala James Kabarebe, msilikali wa Rwanda. Apa m'pamene panagona vuto lonse la chipambanochi: mtsogoleri watsopano analowa pa mphamvu za alendo, anthu a mu Kinshasa anayamba kumuona ngati chidole chawo, ndipo kuti asonyeze kuti ndi mwini dziko anayenera kuthamangitsa amene anamuika pampando. Kumapeto kwa Julayi 1998 analamula asilikali a Rwanda kuti achoke, ndipo pa 2 Ogasiti nkhondo yachiwiri inayamba. Rwanda ndi Uganda zinathandiza oukira atsopano, pamene Angola, Zimbabwe ndi Namibia zinateteza Kabila. Mgwirizano wosiya kumenyana unasainidwa ku Lusaka mu Julayi 1999, pa zokambirana zimene anatsogolera Frederick Chiluba, koma nkhondo inapitirira. Asilikali a Rwanda ndi Uganda anafika pomenyana okhaokha mumzinda wa Kisangani mu 1999 ndi 2000, ndipo Kabila anawomberedwa ndi womulondera pa 16 Januwale 2001. Bungwe la International Rescue Committee linayerekeza kuti anthu 5.4 miliyoni anafa pakati pa 1998 ndi 2007, ambiri ndi matenda ndi njala, ngakhale akatswiri ena amati chiwerengerochi n'chokwera kwambiri.

Nkhondo yachiwiriyo inatha pa pepala mu 2003, koma zifukwa zimene zinayambitsa ya 1996, zimene ndi zigawenga za Chihutu kum'mawa kwa Congo, unzika wa Atutsi a ku Kivu, migodi, ndi boma lofooka ku Kinshasa, sizinathetsedwe. Gulu la oukira boma la M23 linalanda Goma mu Novembala 2012, ndipo mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anatumizidwa pansi pa United Nations kukalimbana nalo. Ena mwa asilikali a Malawi amene akhala akutumikira ku Congo anafera komweko, ndipo anthu a ku Congo ndi amene ali ochuluka pa msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa. Mu Januwale 2025, M23 inalandanso Goma, ndipo mwezi wotsatira inalowa mu Bukavu, mizinda yomwe ija imene inali m'gulu la yoyamba kugwa mu 1996.