Za colonoscopy ya adadi ija

Mng'ono wanga, ndakuyimbira kawiri koma network ikuvuta ndiye ndingojambula, umvetsere mpaka kumapeto kenako ukawafotokozere adadi muli awiri, osati pamaso pa ana chifukwa ukuwadziwa mmene amachitira manyazi. Amayi andiuza kuti adadi akuti sapita ku colonoscopy ija, yowaunika m'matumbo ndi kamera, akuti munthu wamkulu sangakavulidwe choncho. Chonde apite. Ine ndinachita zomwezi kuno ku Manchester chaka chatha ndipo ndikukuuza zomwe ndinaziona ndekha. Magazi omwe akhala akuwaona akapita kuchimbudzi aja si ongowayang'ana, mwina ndi zazing'ono koma tidziwe.

Ntchito yeniyeni ili kunyumba, asanafike ndi kuchipatala komwe. Dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kumapeto, kukula ngati chala, kudzera kumbuyo, nkumaona mkati mwa matumbo akulu pa screen. Ndiye matumbowo akakhala kuti sanayere saona kanthu, amakubweza ukayambirenso, transport yonse ija ndi kuvutika konse kupita pachabe. Nchifukwa chake ndikulimbikira pa zakudyazi.

Masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, mgaiwa ayi. Nyemba, nandolo, mtedza, masamba onse kaya ndi chisoso kaya nkhwani, therere, zipatso zanjere ngati magwafa, tomato, zonsezi ayike kaye pambali chifukwa zimatsalira m'matumbo. Uwaphikire nsima ya ufa woyera, mpunga woyera, mazira, nkhuku yochotsa khungu, nsomba, buledi woyera. Ndikudziwa adandaula kuti ndiwo zopanda masamba si ndiwo koma ndi masiku ochepa chabe. Tsiku lomaliza lija, kuyambira nthawi yomwe alemba papepala la kuchipatala, chakudya cholimba basi, azingomwa zinthu zoti ukathira mu galasi ukuona mbali inayo, madzi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wankhuku wosefa bwinobwino. Thobwa ayi, maheu ayi, phala ayi, ndipo zakumwa zofiira kapena zapepo asamwe chifukwa mkatimo zimaoneka ngati magazi.

Za mapiritsi, izi usaiwale. Ngati akumwabe aja owonjezera magazi, a iron, amasiya kutatsala sabata imodzi chifukwa amadetsa m'matumbo. A shuga aja musawasinthe nokha, munthu wosadya akamwa mlingo womwewo shuga amatsika kwambiri, ndiye utenge mapaketi onse amankhwala awo ukawaonetse adokotala akuuze okha kuti awa amwe, awa adikire. Ngati pali ena ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin unenenso tsiku lomwelo.

Kenako mankhwala otsuka m'mimba. Ine anandipatsa Moviprep, ufa wosungunula m'madzi, malita awiri, ina madzulo ina m'mawa, ndi madzi ena oonjezera pamwamba. Kumeneko mwina akupatsani a mtundu wina, mutsate pepala lawo osati langa. Sakoma ayi, amamveka mchere mchere, ine chomwe chinandithandiza ndi kuwaziziritsa nkumamwa kapu imodzi, kupuma pang'ono, kapu ina, osagugudiza kamodzi chifukwa amabwerera. Pakatha ola limodzi kapena awiri m'mimba mumatseguka ndipo sizimapatsa mpata, upita kambirimbiri. Apa ndi pomwe ndikuda nkhawa ndi kumudzi kuja, chimbudzi chili kutali ndi nyumba, usiku, munthu wofooka. Bola abwere agone kwa iwe mtauni komwe toilet ili mkati, tochi ikhale pafupi magetsi akazima, ugule tishu wofewa ndi Vaseline azipaka chifukwa pamawawa. Azimwa madzi ambiri asafooke. Muzadziwa kuti zatheka pamene zotuluka zangokhala madzi achikasu oyera ngati mkodzo, opanda zinyenyeswa. Ngakhale aone ngati ayera kale amalizebe mankhwala onse.

Tsikulo akafika amawapatsa gauni, nkugona chammbali kumanzere mawondo atapinda, ndipo amafunditsidwa, sikuti munthu amakhala pambalambanda ngati mmene akuganizira. Amabaya kajakisoni pamkono kowodzeretsa ndi kochepetsa ululu, sugona tulo tofa nato koma umakhala ngati uli kutali, ine zambiri sindikuzikumbuka nkomwe. Amapopera mpweya pang'ono kuti matumbo atambasuke, ndiye umamva kudzaza ndi kupotokola pena pake makamaka paipi ikamakhota, zikawawa anene, ma nurse amakhala pompo. Zonse mphindi 30 mpaka 45. Akapeza timinofu tina tomwe amati ma polyp amatichotsa pompo ndipo sumva kuwawa, ndipo timeneti ndi tomwe tikasiyidwa zaka zambiri tina timasanduka khansa, ndiye uwauze adadi kuti kupita kumeneku ndi kutseka njira matenda asanayambe. Akadula kanyama kokayeza musathamangire kulira, amatero nthawi zambiri, zotsatira zake zimatenga masabata angapo.

Akatuluka mpweya uzituluka, asaugwire, ndi mmene m'mimba mumapepukira. Upite nawo iweyo, asakwere minibus okha, asayendetse galimoto kapena njinga mpaka mawa lake, mowa ayi. Timagazi pang'ono tsiku loyamba si vuto. Koma magazi akachuluka, m'mimba mukawawa kwambiri osasiya, kapena thupi likatentha, mubwerere kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pausiku, musadikire kuche.

Ndalama ya taxi ndi zakudyazo nditumiza Lachisanu ndikalandira. Undijambulire pepala lomwe anakupatsani lija ndione nthawi zake, ndipo Lamlungu madzulo uwapatse foni adadi ndiyankhule nawo ndekha.