Kusambira, njinga ndi liwiro: phindu lili m'miyezi yokonzekera

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ambiri mwamva zimene zinachitika Loweruka lapitali ku msewu wa Leopards Hill, kumene mbale wathu wina anagwa ali pakati pothamanga, anzake n'kumunyamulira kuchipatala. Akupeza bwino tsopano. Koma chiyambire tsikulo ndakhala ndikumva pamsika ndi m'minibasi kuti kuthamanga kumapha, ndipo ndabwera kudzakana mawu amenewo. Bamboyo anali atatha zaka zambiri osathamanga, sankadziwa kuti BP yake ndi yokwera, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno anafuna kutsatana ndi anthu amene akhala akukonzekera kwa miyezi. Chinamugwetsa ndi changu. Yezetsani thupi kaye, ndipo muyambe pang'ono.

Anthu amene ankawatsatirawo akukonzekera mpikisano wotchedwa triathlon, umene munthu amasambira, n'kupalasa njinga, n'kuthamanga, zonse tsiku limodzi popanda kupumira. Wautali wake, wotchedwa Ironman, ndi kusambira makilomita 3.8, kupalasa makilomita 180, ndi kuthamanga makilomita 42. Kuti mumvetse, njingayo ndi ngati kuchoka kuno ku Lusaka, kudutsa Kabwe n'kupitirirabe, kenako n'kutsika ndi kuthamanga mtunda wonga wochoka m'tauni kukafika ku Kafue. Mpikisano wa Ironman unayambira ku Hawaii mu 1978, ndipo mwa anthu 15 amene ananyamuka, 12 ndiwo anamaliza. Woyamba, Gordon Haller, anatenga maola 11 ndi mphindi 46. Masiku ano umachitikanso ku Gqeberha, ku South Africa, ndipo nthawi zambiri munthu amapatsidwa maola 17.

Ineyo ndinakonzekera wa theka lake kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo mendulo imene ndinalandira ili m'kabati, ana amaseweretsa. Zimene ndinatsala nazo zenizeni ndinazipeza mpikisano usanafike. Mtima ndi mnofu, ndipo ukaugwiritsa ntchito mwadongosolo umalimba, umapopa magazi ambiri pakugunda kamodzi, motero sufunikanso kugunda mofulumira munthu akakhala pansi. Ndinkadziwerengera ndekha m'mawa uliwonse, zala ziwiri pamkono, ndisanadzuke, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkaona kugundako kukuchepa. BP imatsika, minofu imadya shuga wa m'magazi, ndipo tulo timabwera popanda kutiitana. Ubwino wa masewera atatu pamodzi ndi wakuti mawondo amapuma: lero mwathamanga, mawa muli panjinga, mkuja muli m'madzi mmene thupi silikulemerani.

Palinso phindu limene makina a kuchipatala sangayeze. Munthu amene akudziwa kuti anzake akumudikira pamphambano 5 koloko m'mawa sachezera kumowa Lachisanu usiku. Abambo a kumbuyoko mukuseka, koma ndikunena inu amene mimba zikutsogola ngati mwameza nthanga ya dzungu! Tsiku loyamba limene ndinatsika panjinga ndi kuyesa kuthamanga, miyendo inali ngati yobwereka, ndinkadzandira mpaka amayi ogulitsa vitumbuwa anandifunsa ngati ndalawa kam'mawa. Patapita milungu isanu ndi umodzi miyendo yomweyo inazolowera, ndipo pamenepo ndinaphunzira kuti thupi limamva, koma limamva mochedwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Yezetsani thupi kaye, ndipo muyambe pang'ono.

(Mayi wina: "Abambo, ife timadzuka usiku kupita ku Soweto Market, kusenza katundu tsiku lonse. Si masewera amenewo? Nanga njinga zodulazo tizitenga kuti?")

Mwafunsa bwino, amayi, ndipo sindikupeputsa ntchito yanu. Kuyenda ndi kusenza kumawerengedwa ndithu, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pamlungu, zimene ambiri a inu mumapyola Lachitatu lisanafike. Kusiyana kwake ndi uku: ntchito imakulamulani, pamene kukonzekera mumakulamula ndinu. Pamsika mumasenza ngakhale msana ukuwawa, ndiye kenako mumakhala pampando maola ambiri kudikira ogula. Wokonzekera mpikisano amawonjezera mtunda mwamuyeso, ndipo amaika tsiku lopuma, pakuti thupi limalimba nthawi yopumayo, osati nthawi yovutikira. Kwa inu, chimene chingakhale chikusowa ndi mpumulo ndi kuyezetsa BP, osati liwiro. Za njinga, musatengeke ndi zija zopepuka ngati pepala zimene mumaona Loweruka. Taonani abale athu amene amalowa mumzinda mbandakucha atamanga matumba a makala: ali ndi miyendo imene anthu a njinga zodula amaisirira. Njinga ya kunyumba ndi yokwanira poyambira, bola mabuleki akhale abwino. Ndiponso palibe amene akukukakamizani makilomita 180. Pali mtunda wa ku Olympics, kumene masewerawa analowa mu 2000 ku Sydney, wa kusambira makilomita 1.5, kupalasa 40 ndi kuthamanga 10, ndipo pali wina waufupi kuposa umenewo.

Kusambira ndiko kumandidetsa nkhawa. Musaphunzirire m'maenje okumbamo miyala amene amadzaza madzi nthawi ya dzinja, chifukwa ndi akuya ndipo atitengera kale ana. Musapitenso mumtsinje wa Kafue, muli ng'ona, ndipo madzi odikha a m'madambo amabweretsa likodzo. Pitani padziwe losambirira limene lili ndi mphunzitsi, monga la ku Olympic Youth Development Centre, ndipo musalowe m'madzi muli nokha.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana mafoni, ndiye ndifulumire. Pitani kukiliniki mukayezetse BP ndi shuga, makamaka ngati mwapitirira zaka 40 kapena kwanu kuli matenda a mtima. Mwezi woyamba muziyenda ndawala, kenako muzisakaniza kuyenda ndi kuthamanga, pa liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu. Tulukani dzuwa lisanakwere, mutanyamula madzi, mutavala chowala kuti madalaivala akuoneni. Idyani nsima yanu ndi nyemba kapena kapenta, musadzimane chakudya. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma lachilendo, imani pomwepo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene akufuna kuyamba nafe, Loweruka 5 koloko m'mawa tikumana pageti la tchalitchi, koma aliyense abwere ndi kapepala kosonyeza kuti wayezetsa BP, apo ayi tidzamubweza.