Zaha Hadid: mayi amene ankamunena kuti nyumba zake n'zapapepala basi

[Pa sikirini: denga la dziwe losambiramo la London Aquatics Centre]

Taonani denga ili, abale anga. M'litali mwake ndi mamita 160, chimango chake n'chazitsulo, koma lakhazikika pa malo atatu okha. Amene analijambula ndi mayi wobadwira ku Baghdad, yemwe kwa zaka zambiri akuluakulu ankamuuza kuti zomwe amajambula sizingamangidwe. Musasunthe, ndikuuzani mmene bodza limeneli linayambira.

Moni nonse, ndikulankhula kuchokera kuno ku Blantyre. Ngati ndi koyamba kutipeza, dinani subscribe pompano, sizidya bandulo.

Choyamba, mwachidule. Zaha Hadid anabadwa pa 31 October 1950 ku Iraq. Anayamba ndi masamu ku American University of Beirut, kenako mu 1972 anapita ku London kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba pasukulu ya Architectural Association. Anagwirako ntchito ndi Rem Koolhaas, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Netherlands, n'kutsegula ofesi yakeyake ku London komweko.

Chachiwiri: architect ndi ndani? Si mmisiri womanga, si folomani, si injiniya. Iye amaganiza nyumba yonse isanakumbidwe maziko: khomo liyang'ana kuti, dzuwa la masana lilowera mbali iti, madzi a mvula athawira kuti. Injiniya amawerengera zitsulo ndi konkire kuti zisagwe. Tapitirira.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndimapsa mtima. Anthu ankamutcha wojambula wa papepala. Mpaka lero mumakomenti a mavidiyo mupeza wina akulemba kuti mayiyu ankangolota, ena ndi amene ankamukonzera zinthu.

Tiyeni tione chinachitika n'chiyani. Mu 1983 anapambana mpikisano wojambula malo achisangalalo otchedwa The Peak, paphiri ku Hong Kong. Mapulani ake sanali ngati aja timapita nawo ku khonsolo, a mizere yowongoka, chipinda apa, khonde apo. Iye ankapenta zithunzi zikuluzikulu, nyumba ikuoneka yoduka zidutswa zosongoka, zina zitalendewera m'mwamba. Anthu anadabwa. The Peak sinamangidwe, n'zoona. Koma chifukwa chake chinali chakuti eni ntchito anagwa m'mavuto a ndalama.

Kenako Cardiff, ku Wales. Mu 1994 anapambananso mpikisano wa nyumba ya zisudzo ndi nyimbo, kuposa makampani akuluakulu a amuna. Phokoso linabuka m'manyuzipepala ndi kwa andale, ndipo mu 1995 bungwe logawa ndalama za lotale linakana kupereka ndalama. Ntchito inafera pomwepo. Ndiye ndifunse, achimwene, inu amene mukukonzeka kulemba komenti: munthu akakumanani simenti, tinene kuti simudziwa kumanga?

Ndipo pamene ku Cardiff ankati sizingatheke, nyumba yake ina inali itaima kale! Ku Weil am Rhein, ku Germany, fakitale ya mipando ya Vitra inapsa mu 1981, ndipo eni ake anafuna malo awoawo a ozimitsa moto. Zaha anawajambulira, n'kumalizidwa mu 1993.

[Pa sikirini: Vitra Fire Station, pafupi]

Yang'anitsitsani. Konkire yosapaka penti. Makoma opendekera. Kutsogoloku denga latuluka losongoka, lagwiridwa ndi timizati towonda tachitsulo, tina topendekera dala. Ilipo mpaka lero, anthu amakaiona. Ndiye papepala pake ndi pati?

Ife a ku Blantyre nkhani ngati iyi isatidabwitse. Pitani ku HHI mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels. David Clement Scott, yemwe sanaphunzire za mapulani, anachimanga pakati pa 1888 ndi 1891 ndi amisiri akuno, njerwa zake zoumba ndi kuwotcha konkuno. Timamutamanda kuti anali wolimba mtima, ndipo n'zoyenera. Koma mayi wa digiri ya masamu, wopambana mipikisano, akayesa chachilendo, akuti akulota. Zimenezi ine sindizivomereza.

Chimene ndingavomere n'chakuti nyumba zake zinali zodula. Ku Tokyo boma linathetsa pulani yake ya bwalo la masewero mu 2015 chifukwa cha mtengo. Imeneyo ndi nkhani yoti tikambirane, makamaka ife amene thumba limodzi la simenti timaliwerengera kawiri. Koma kudula ndi kusamangika ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pang'ono kaye: sabata yamawa tili ndi vidiyo ya zomwe muyenera kufunsa musanalipire munthu wokujambulirani pulani, makamaka ngati puloti yanu ili potsetsereka ngati ku Chilobwe kapena ku Ndirande. Dinani kabelu kaja kuti isakudutseni. Laiki nayonso imatithandiza kwambiri.

Chachinayi, zomwe zinatsatira. Nyumba ya zaluso ku Cincinnati, ku America, mu 2003. Mu 2004 mphotho ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito imeneyi, ndipo chiyambireni mu 1979 iye anali mayi woyamba kuilandira. Nyumba ya zisudzo yomwe Cardiff inamumana mwayi, mzinda wa Guangzhou ku China unamupatsa, n'kutsegulidwa mu 2010. Nyumba ya zaluso ya MAXXI ku Rome, nyumba ya zachikhalidwe ya Heydar Aliyev Center ku Baku, ku Azerbaijan, ndi dziwe lija la masewero a Olympics a 2012.

Chachisanu. Anamwalira ndi matenda a mtima ku Miami pa 31 March 2016, ali ndi zaka 65, patangopita milungu yochepa atalandira mendulo yagolide ya RIBA, bungwe la ojambula mapulani a nyumba ku Britain, mayi woyamba kuilandira payekha.

Achemwali amene muli Folomu 3 kapena 4 ndipo masamu amakuyenderani: maphunziro a architecture alipo pa MUBAS, Poly yakale ija, pa Chichiri pompa. Ndipo ngati mukudziwa mayi wa kuno kwathu amene anajambula nyumba yomwe timadutsa tsiku ndi tsiku ku Limbe kapena m'tauni, lembani nyumbayo mumakomenti, tikufuna tikamufunse mafunso pa kamera. Tionana sabata yamawa.