Mboni imodzi simaliza mlandu: mmene madokotala amadziwira kuti ndi multiple sclerosis

[Wofotokoza wakhala pamthunzi wa mlambe]

Moni nonse kuno kuchigwa, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka. Tiyerekeze mayi wa zaka 28 wa ku Ngabu. Chaka chatha diso lake lakumanja linachita nkhungu, likupweteka akaliyendetsa, kenako patatha milungu ingapo linayera lokha. Pano mwendo wachita dzanzi sabata yathunthu. Alamu ake awerenga pa foni, akuti basi imeneyi ndi multiple sclerosis, ija amaitchula mwachidule kuti MS. Dokotala sangavomere msanga choncho, chifukwa palibe kuyeza kumodzi komwe kumagamula nthendayi pakokha.

[Chithunzi cha waya wa magetsi wosupuka]

Mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana imakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga pulasitiki yokuta waya. Pa MS, chitetezo cha m'thupi chimaukira chokutiracho n'kusiya zipsera malo angapo. Dokotala wina dzina lake Jean-Martin Charcot anaifotokoza nthendayi ku Paris mu 1868. Masiku ano madokotala amatsata mfundo zodziwira nthendayi zotchedwa McDonald, zomwe zinatuluka mu 2001 n'kukonzedwanso kangapo. Phata lake ndi mafunso awiri: kodi zipserazo zili malo osiyanasiyana, ndipo kodi zinabwera nthawi zosiyana? Zili ngati pabwalo la amfumu, pomwe mboni zimafunsidwa imodziimodzi kuti aone ngati zikugwirizana.

Mboni yoyamba ndi mayiyo. Vuto liyenera kukhala maola osachepera 24, popanda kutentha thupi. Kunoko mfundo imeneyi ndi yaikulu, poti malungo okha amatha kufooketsa munthu mpaka miyendo kulobodoka.

Yachiwiri ndi MRI, makina ojambula mkati mwa ubongo ndi msana, ndipo imeneyi ndiye mboni yolemera, ngakhale kuti kuipeza kumafuna kukwera chitunda cha ku Thabwa kupita ku Blantyre. Dokotala samangowerenga madontho oyera pachithunzi, amayang'ana pamene akhala: pafupi ndi timapanga ta madzi ta mkati mwa ubongo, kufupi ndi khungwa la ubongo, kumunsi cha kunkhongo, kapena mumtsempha waukulu wa mumsana. Mfundo za 2024 zinawonjezapo mtsempha wa diso. Ndiye pali kanzeru kena. Amabaya mankhwala otchedwa gadolinium. Chilonda chatsopano chimawala, chipsera chakale sichiwala. Zikapezeka zonse ziwiri pachithunzi chimodzi, ndiye kuti nthendayo yamenya kawiri, nthawi zosiyana. Koma musanjenjemere ndi dontho lililonse: BP, ukalamba ndi mutu waching'alang'ala nazo zimasiya madontho.

[Chithunzi cha kabotolo ka madzi oyera]

Kutunga madzi a mumsana ambiri timakuopa, ndipo ndamvapo anthu akuti kumapha. Nthawi zambiri amene amatungidwa madziwo amakhala atadwalika kale ndi matenda oumitsa khosi, n'chifukwa chake mphekeserayo inakula. Pofufuza MS, amafunamo timizere ta mapuloteni a chitetezo, ma oligoclonal bands, topezeka m'madzimo koma osapezeka m'magazi. Kuyambira 2017, timizereti tikhoza kulowa m'malo mwa umboni wa nthawi, wodwala osadikira kuti adwalenso. Komabe chindoko cholowa m'mitsempha ndi HIV nazo zimabweretsa timizere tomweti. Mboni imeneyi payokha ikhoza kunamizira wosalakwa.

Za diso n'zachidule. Munthu amayang'ana timabokosi takuda ndi toyera tikusinthana pa sikirini, makina n'kuyeza nthawi yomwe uthenga watenga kufika ku ubongo. Bwinobwino umatenga mamilisekondi pafupifupi 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Ukachedwa, diso lija la chaka chatha laulula, ngakhale mwini wake akuona bwino.

Tsono magazi. Sasonyeza MS, ntchito yawo ndi kuchotsa ena oganiziridwa, ndipo kwa ife ndi pamene pagona nkhani. MS ndi yofala kumaiko ozizira ngati Canada ndi Scotland. Kuno ndi yosowa. Munthu wosamba m'ngalande za mthirira ku Nchalo kapena wowedza ku Elephant Marsh akafooka miyendo, dokotala wanzeru amayamba waganiza za likodzo, poti mazira ake amatha kukatsakamira mumtsempha wa mumsana, ndipo mankhwala a praziquantel alipo. Kenako TB ya msana, chindoko, HIV, kuchepa kwa vitamini B12. Palinso neuromyelitis optica, yomwe imagwira diso ndi msana ngati MS. Imadziwika ndi mapuloteni ena a chitetezo m'magazi, otchedwa ma antibody a aquaporin-4, ndipo mankhwala ena a MS amaikulitsa. Kuphonya apa kumavulaza munthu.

Nanga kutentha kwa mu Okutobala, kofika madigiri 40 kuja? Munthu wa MS thupi likatentha, zizindikiro zakale zimabwerera kwa kanthawi, likazizira zimachoka. Kale madokotala ankalowetsa wodwala m'bafa la madzi otentha pofuna kuyeza zimenezi, anasiya. Mayi wathu akaona nkhungu masana ali kumunda, madzulo diso n'kuyera, sikuti nthendayo yamenyanso.

Ngati MRI yake yasonyeza chipsera chimodzi chokha ndipo madzi a mumsana alibe kanthu, adzamuuza kuti abwerenso patatha miyezi ingapo adzajambulidwenso. Podikira, azilemba tsiku lomwe dzanzi layamba ndi lomwe latha, ndipo pokwera minibasi asaiwale kabuku kake kakuchipatala kaja kolembedwa za diso.