Pa njinga kudutsa zilumba za Outer Hebrides: yambani mwafunsa mphepo

[Mapu a Scotland]

Moni nonse, takulandirani. Taonani mndandanda wa zilumba uwu kumadzulo kwa Scotland, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Zimatchedwa Outer Hebrides. Pali njira ya njinga yotchedwa Hebridean Way, yotalika makilomita 297, kuchokera pa chilumba cha Vatersay kummwera mpaka pa Butt of Lewis, nsonga ya chilumba cha Lewis, kumpoto. Imadutsa zilumba 10. Pena mumawoloka pamsewu womangidwa ndi miyala pamwamba pa madzi, ndipo misewu yotere ilipo 6. Kawiri mumakweza njinga m'sitima. Poitsegulira mu 2016, katswiri wa njinga Mark Beaumont anaipalasa yonse m'maola 24. Enafe, titamangirira tenti ndi chakudya pa keliyala, ndi ulendo wa pafupifupi sabata.

Bwanji kuyambira kummwera? Amene munakulira kunyanja mukudziwa kuti msodzi salimbana ndi mwera. Kunonso n'chimodzimodzi. Nthawi zambiri mphepo imachokera kummwera chakumadzulo, ndipo mitengo yoitchinga ndi yowerengeka. Mukayambira kumpoto, imakuombani kumaso tsiku lonse, moti ngakhale potsetsereka mumapalasa ngati mukukwera chitunda. Mukayambira kummwera, imakukankhani kumsana. N'chifukwa chake ambiri amakwera sitima ya kampani ya CalMac padoko la Oban, maola pafupifupi 5 kukatsika pa Castlebay pachilumba cha Barra, choyandikana ndi Vatersay. Inu a ku Glasgow, sitima ya pamtunda imakufikitsani ku Oban, koma sungitsiranitu malo a njinga.

[Kamsewu kakang'ono, nkhosa m'mbali]

Misewu yambiri ndi yodutsa galimoto imodzi, yokhala ndi timalo topatukirana. Mukamva galimoto kumbuyo, imani pamenepo idutse, mukweze dzanja. Anthu akuno, omwe ambiri amalankhula Chigaelic, amakwezanso lawo.

Tsopano za kogona, ndipo apa ndichedwapo. Lamulo la 2003 la ku Scotland limalola munthu kumanga tenti kutchire, bola akhale wodzisunga: masiku awiri kapena atatu okha pamalo amodzi, kutali ndi nyumba za anthu, osasiya chinyalala. Kugombe la kumadzulo kwa zilumba za Uist kuli madambo a mchenga otchedwa machair, omwe m'chilimwe amadzaza maluwa. Amakopa maso, koma ndi minda ndi msipu wa alimi akumeneko, komanso mbalame zimaikira mazira pansi m'udzumo. Musasonkhepo moto. Dothi lake ndi lopyapyala, pansi pake mchenga wokhawokha, ndipo bala la moto limachedwa kupola. Phikani pa kachitofu ka gasi. Geti mukalipeza lotseka, litsekeninso.

[Dzanja likukhoma chikhomo cha tenti]

Onani chikhomochi. Mumchenga chimazuka ngati chinangwa cha m'dambo, choncho tengani zazitali, muzikhome mopendeketsa, mupsinjepo mwala. Khomo la tenti lifulatire mphepo. Komabe musabisale kwambiri, chifukwa mphepo yomweyo ndiyo mlonda wanu. Ikangoti zii madzulo, kumatuluka timidge, tizilombo tating'ono touluka m'chigulu ngati nkhungu za kunyanja, koma iti n'toluma, makamaka kuyambira June mpaka August. Kaukonde kovala kumutu n'kopepuka, musakasiye.

Sitima ya pa chilumba cha Berneray kupita kudoko la Leverburgh imatenga ola limodzi, ndipo nthawi yake imasintha malinga ndi kukwera kapena kuphwa kwa madzi. Mukatsika muli ku Harris, kwa mapiri. Chitunda cha pafupi ndi phiri la Clisham ndiye chimayesa miyendo. Kutsika n'kukankha si manyazi.

Chinthu china chomwe ndimachilemekeza: ku Harris ndi ku Lewis, Lamulungu ndi tsiku lopuma ndithu, masitolo ambiri satsegula. Gulanitu buledi ndi gasi Loweruka. Ndipo musathamangire kumapeto osapatukira ku Callanish, komwe kuli miyala yoimikidwa ndi anthu zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

[Nsanja ya njerwa zofiira]

Iyi ndi nsanja younikira zombo ya pa Butt of Lewis, yomangidwa mu 1862. Njira yathera pano, koma sitima yobwerera kumtunda ili ku Stornoway, makilomita ngati 45 kummwera. Mphepo imene inakunyamulani sabata yonse ija tsopano ikudikirani kumaso, ndiye siyani tsiku lathunthu la mtunda umenewu, ndi chakudya chake m'chikwama.